Nthaka ya ku Balaka ikuyenda: mafunso ndi mayankho

M'zaka za 2013 ndi 2014, anthu ambiri m'dziko muno anaona ndege zing'onozing'ono zikuuluka motsika, kupita ndi kubwerera tsiku lonse ngati munthu amene akuunga mizere. Ntchitoyo inatchuka ndi dzina loti Kauniuni, ndipo nkhani imene inali m'kamwam'kamwa pamsika ndi m'minibasi inali ya golide ndi miyala ya mtengo wapatali. Inde, boma linkafuna kudziwa chuma cha pansi pa nthaka. Koma zina mwa zipangizo za m'ndegezo zinkapima zinthu ziwiri zosaoneka ndi maso: mphamvu ya maginito ya m'miyala, ndi mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi. Ziwiri zomwezi, atazipima pa nyanja zamchere zaka makumi angapo m'mbuyomo, ndizo zinathetsa mkangano wakale wa akatswiri woti kodi nthaka imayenda kapena ayi. Balaka ndi Machinga zakhala pamalo amene yankho lake limaonekera bwino.

Mukati nthaka ikuyenda mukutanthauza chiyani? Phiri la Chikala tikuliona pomwe agogo athu analisiya.

Likuoneka choncho chifukwa ulendo wake ngakhale nkhono ingauseke. Chikhungu cholimba cha kunja kwa dziko lapansi, chokhuthala makilomita 100 kapena kuposa, si chimodzi chathunthu ayi. Chili ngati mtsuko umene unachita ming'alu koma mapale ake akadali m'malo. Pansi pa mapalewo pali mwala wotentha kwambiri. Si wamadzi, koma ndi wofewa mokwanira kuti pa zaka zambirimbiri uzisendera, monga amachitira phula wa pamsewu dzuwa la Okutobala likalusa pa Balaka. Pena mapale amatalikirana, pena amaombana lina n'kulowa pansi pa linzake, pena amangokhulana m'mbali.

Chigwa chathu, momwe muli nyanja ya Malawi, Malombe ndi mtsinje wa Shire, ndi malire a mapale awiri amene akutalikirana. Kumadzulo, mbali ya Ntcheu ndi Dedza, kuli phale lalikulu la Africa limene akatswiri amalitcha Nubia. Kum'mawa, mbali ya Namwera mpaka Niassa, kuli laling'ono lotchedwa Rovuma. Zipangizo za GPS zokhomeredwa m'matanthwe zikusonyeza kuti kuno kummwera awiriwa akusiyana ndi milimita imodzi kapena mamilimita awiri pachaka. Mwana wobadwa lero pa Ulongwe akadzakwana zaka 70, chigwa chidzakhala chitafutukuka ndi mlingo wosaposa dzanja lake.

Anayamba kunena zimenezi ndani, nanga anthu anamukhulupirira?

Alfred Wegener wa ku Germany anazinena mu 1912, ndipo mu 1915 anatulutsa buku. Anaona kuti gombe la kumadzulo kwa Africa ndi la kum'mawa kwa South America akulumikizana ngati mapale a mtsuko umodzi, ndipo miyala ndi zotsalira za zomera zakale za mbali ziwirizi n'zofanana. Alexander du Toit wa ku South Africa anamuikira kumbuyo ndi buku lake la mu 1937. Akatswiri ambiri anapukusa mitu, ndipo ine sindiwaimba mlandu kwenikweni, chifukwa funso lawo linali lomveka: n'chiyani chingakankhe kontinenti yathunthu kuti izing'amba mwala wa pansi pa nyanja ngati pulawo? Wegener analibe yankho logwira mtima, ndipo anafera m'chipale ku Greenland mu 1930 mlandu usanathe.

Umboni wa mtundu umene iye ankadalira umadutsa pa Nkaya tsiku ndi tsiku. Malasha amene sitima zimanyamula kuchoka ku Moatize kupita ku doko la Nacala anapangika kuchokera ku nkhalango za zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, momwe munali mtengo wa masamba ooneka ngati lilime wotchedwa Glossopteris. Masamba omwewo amapezeka m'miyala ya ku India, Australia, South America ndi Antarctica. Maiko onsewa anali dziko limodzi lotchedwa Gondwana. Koma kufanana kwa masamba sikunakhutiritse okana. Ankafuna kuona chimene chikuyendetsa.

Malawi alibe nyanja yamchere. Za pansi pa nyanjayo zikutikhudza bwanji?

Zikutikhudza chifukwa amene anatulukira chinsinsi cha pansipo anachizindikira pochifanizira ndi chigwa chathu chino.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, sitima zapamadzi zinali ndi chipangizo chotumiza phokoso pansi n'kuwerenga nthawi imene latenga kuti libwerere. Likachedwa, ndiye kuti pamenepo n'pakuya. Manambala a maulendo amenewa ankafika pa tebulo la mayi wina dzina lake Marie Tharp, ku Columbia University ku New York. Iye sankaloledwa kukwera sitima zofufuzirazo chifukwa anali mkazi, choncho nyanja anaidziwira papepala, akujambula mzere ndi mzere. Mu 1952 anaona kuti mtandadza wa mapiri umene uli pakati pa nyanja ya Atlantic uli ndi chigwa chakuya pamsana pake penipeni, ndipo anati chigwa chotere chimabwera nthaka ikamang'ambika. Mnzake wa pantchito, Bruce Heezen, poyamba anazitaya kutali. Anasintha maganizo atalemba pamapu malo amene zivomezi za pansi pa nyanja zimayambira, n'kupeza kuti zandanda m'chigwa chomwecho. Atatsata mzerewo anaona kuti ukuzungulira kummwera kwa Africa, kulowa m'nyanja ya Indian, kukafika ku Gulf of Aden, kumene ukulumikizana ndi chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa. Mtandadza wonse wa mapiri a pansi pa nyanjawa ndi wotalika makilomita pafupifupi 65,000.

Ndiye mukaima pa Balaka n'kuyang'ana mapiri a Ntcheu kumadzulo, kenako n'kutembenukira mapiri a Machinga ndi Mangochi kum'mawa, inu muli pansi pakati, mwaima m'chithunzi chimene Tharp anajambula. Kusiyana kwake n'koti chigwa chake chili pansi pa madzi a makilomita awiri kapena atatu, pomwe chathu timalimamo thonje.

Mu 1962 Harry Hess wa ku Princeton anapereka yankho limene Wegener analisowa. Anati kontinenti siing'amba pansi pa nyanja ayi. Mwala watsopano umatumphuka m'chigwa cha pamsana pa mapiriwo, umauma, n'kusendera mbali ziwiri, ndipo kontinenti imangonyamulidwa ngati katundu pa ngolo. Linali ganizo chabe. Umboni unabwera ndi maginito.

Maginito angachitire bwanji umboni za zinthu zimene zinachitika kulibe munthu?

Tili ana tinkachotsa maginito m'sipika ya wailesi yakufa, kum'manga chingwe, n'kumamukoka mumchenga wa kumtsinje. Ukamutukula umapeza wamera ndevu zakuda, timchenga tachitsulo titaima njoo, tonse kuloza njira imodzi. Timchenga totere timapezeka mu mwala umene umatumphuka pansi pa nyanja. Dziko lapansi nalonso ndi maginito wamkulu, n'chifukwa chake singano ya kampasi imaloza kumpoto. Chiphalaphala chikamazizira n'kutsika pa madigiri 580, maginito wa m'timchengato amatsata kumene maginito wa dziko akuloza nthawi imeneyo, n'kuumira momwemo. Ngakhale njerwa za mu uvuni wanu zimachita zomwezi zikamapola: zimasunga mbali imene kunali kumpoto tsiku limene munaziotcha.

Chodabwitsa chinatulukira mu 1906, pamene Bernard Brunhes wa ku France anapeza miyala yoloza chammbuyo, kummwera. Mu 1929 Motonori Matuyama wa ku Japan anaonetsa kuti miyala yotere ndi yakale kuposa yoloza kumpoto. Tanthauzo lake n'loti maginito wa dziko amatembenuka: kumpoto kumasanduka kummwera, n'kudzabwereranso. Zachitika kambirimbiri, ndipo komaliza kunali zaka pafupifupi 780,000 zapitazo. Nyengo ina ya kutembenukaku inapatsidwa dzina loti Olduvai, chifukwa miyala yake anaipima ku Olduvai Gorge kwa anansi athu ku Tanzania.

Mu 1961 Ronald Mason ndi Arthur Raff anasindikiza mapu a maginito a pansi pa nyanja kumadzulo kwa America. Anaoneka ngati chikopa cha mbidzi: mzere wa mphamvu yambiri, mzere wa mphamvu yochepa, mosinthanasinthana. Palibe anadziwa chifukwa chake mpaka 1963, pamene Fred Vine ndi Drummond Matthews a ku Cambridge, pogwiritsa ntchito miyeso ya m'nyanja ya Indian, analumikiza nkhani ziwirizi. Lawrence Morley wa ku Canada anaganiza zomwezo payekha chaka chomwecho, koma magazini a sayansi anamukanira kusindikiza. Atatuwa anati: ngati mwala ukubadwira pamsana pa mapiri n'kusendera mbali ziwiri, ndipo maginito wa dziko akutembenukatembenuka, ndiye kuti mizere ya mbali iyi iyenera kufanana ndendende ndi ya mbali inayo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira mtima, chifukwa ananena chinthu chimene chikanatha kuwachititsa manyazi chikanapezeka chabodza. Ganizirani chambo chimene msodzi wa ku Malombe waching'amba pamsana kuti achiwambe: nthiti za kumanja zimayankhana ndi za kumanzere, imodzi ndi imodzi. Mu 1966 Walter Pitman anatenga miyeso imene sitima ya Eltanin inapima kummwera kwa nyanja ya Pacific, anaitembenuza, n'kuisanjika pamwamba pa yoyambayo. Zinagwirizana ngati nthiti za chambo chija. Kukula kwa mzere uliwonse kunafanananso ndi kutalika kwa nyengo imene anali atawerengera kale pa miyala ya kumtunda. Okana ambiri anagonja chaka chomwecho.

Kumapeto kwa 1968 sitima yoboola pansi, Glomar Challenger, inakumba maenje motsatizana kummwera kwa Atlantic. Matope okhudzana ndi mwala wa pansi ankanka nakalamba pamene ankatalikira mapiri a pakati, pa liwiro la masentimita awiri pachaka mbali iliyonse. Pansi pa nyanja zikuluzikulu mwala wakale kwambiri sufika zaka 200 miliyoni, pomwe miyala yamizeremizere imene amaswa m'mbali mwa misewu ya kwathu kuno yadutsa zaka 500 miliyoni. Pansi pa nyanja pamabadwa, pamayenda, n'kukamira kwina.

Zonsezi ndi za ku Atlantic ndi Pacific. Kufupi ndi kwathu kuno zilipo?

Zilipo, kuseri kwa gombe la Mozambique. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, akatswiri a ku France ndi South Africa anapeza mizere ya maginito pansi pa nyanja kummwera kwa Mozambique Channel, ina ya zaka pafupifupi 150 miliyoni. Mapasa a mizere imeneyi ali ku Riiser-Larsen Sea, m'mphepete mwa Antarctica. Mukaibweza m'mbuyo mzere ndi mzere, Antarctica amadzagunda gombe la pakati pa Mozambique. Dziko la chipale lija linali loyandikana nafe. Chilumba cha Madagascar nacho chinali pafupi ndi Kenya ndi Somalia, ndipo chinatsetserekera kummwera motsata mng'alu wotchedwa Davie, n'kudzaima zaka pafupifupi 120 miliyoni zapitazo.

Nthawi imeneyo kuno sikunali bata. Pakati pa zaka 135 ndi 110 miliyoni zapitazo, mwala wosungunuka unakwera m'ming'alu ya kummwera kwa Malawi. Ndiwo unapanga Zomba, Mulanje, Chikala, Chaone, Mongolowe, komanso kaphiri ka Kangankunde m'boma la Balaka, kamene lero kali m'nyuzipepala chifukwa cha miyala yosowa ya rare earth. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri anapima maginito wakale wa m'miyala ya Mulanje ndi ya ku Lupata pa Zambezi, ndipo miyeso yake inalowa m'kaundula wosonyeza pamene Africa anali nthawi imeneyo.

Nanga mphamvu yokokera zinthu pansi? Mwala ukagwa pa Balaka ndi ku Nsanje sugwa chimodzimodzi?

Kwa maso athu inde, koma pali kusiyana kochepetsetsa. Pamene pansi pali mwala wolemera, dziko limakoka kwambiri pang'ono; pamene pali mchenga, matope kapena mwala wotentha wopepuka, limakoka mochepa. Akale ankapima ndi chitsulo cholendewera chogwedezeka ngati katungwe: pamalo okoka kwambiri chimagwedezeka mofulumira pang'ono.

Pa sitima wamba mafunde amasokoneza, choncho Felix Vening Meinesz wa ku Netherlands, kuyambira mu 1923, ankalowa m'sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi ndi akatungwe akewo. Pafupi ndi zilumba za Indonesia, pamwamba pa maenje akuya kwambiri a m'nyanja, anapeza kuti mphamvu yokoka yaperewera ndi gawo pafupifupi limodzi mwa magawo 5,000. Pa thumba la chimanga la makilogalamu 50, amenewo ndi magalamu 10 okha, ndipo palibe wavenda angadandaule nazo. Koma tanthauzo lake ndi lalikulu. Mapale amayandama pa mwala wofewa wa pansi monga bwato pamadzi, ndipo chopepuka chimayenera kubwerera pamwamba. Yesani kumiza chigubu chopanda kanthu m'diramu: mukangochotsa dzanja chimavuuka. Malo amene akhala obira chonchi kwa zaka mamiliyoni ndiye kuti pali chimene chikuwakokera pansi. Lero tikudziwa kuti ndi pamene phale lakale, lozizira ndi lolemera, likumira pansi pa linzake.

Pa mapiri a pakati pa nyanja zimatembenuka. Ndi mapiri aakulu, koma sakoka monga kukula kwawo, chifukwa pansi pake pali mwala wotentha wopepuka. Mwalawo ukamatalikira umazizira, umalemera, n'kutsika: pamsana madzi ndi akuya makilomita awiri ndi theka, kutali amafika asanu kapena asanu ndi limodzi. Kuyambira ndi setilaiti ya Seasat mu 1978, akatswiri amaona zonsezi ali m'mwamba, chifukwa phiri la pansi pa nyanja limakokera madzi kwa ilo n'kutukula nkhope ya nyanja ndi mamita angapo.

Chigwa cha kum'mawa kwa Africa chinalowa m'nkhaniyi kale. Mu 1933 ndi 1934 Edward Bullard anayendayenda ndi akatungwe ake m'maiko a kumpoto kwathuku, n'kupeza kuti m'zigwa mphamvu yokoka ndi yochepa. Iye anaganiza kuti chigwa chikupanikizidwa ndi mapiri a m'mbali. Analakwa: chikung'ambika, ndipo gawo lina la kupepukako limachokera ku mchenga ndi matope amene adzaza dzenjelo, omwe pansi pa nyanja ya Malawi ndi okhuthala makilomita angapo. Bullard yemweyo mu 1965 ndiye anagwiritsa ntchito kompyuta kulumikiza Africa ndi South America pamapu, ndipo zinagwirana bwino lomwe.

Ndiye Kauniuni uja anaonetsa chiyani?

Ndege za kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics zinauluka m'mizere yotalikirana mamita 250, ndipo zotsatira zake zinatulutsidwa mu 2015. Amazisunga a nthambi ya boma ya Geological Survey ku Zomba. Pa mapu a maginito, mchenga ndi dothi la m'chigwa zimakhala ngati zachotsedwa, mwala wa pansi n'kuonekera. Mizu ya mapiri a mwala wosungunuka aja imaoneka yozungulira ngati mphete, ndipo ming'alu imaoneka ngati mizere yodula mizere inzake. Akatswiri anagwiritsa ntchito mapu omwewa kutsata mng'alu wokwiririka umene unagwedeza Karonga mu Disembala 2009. Anaonanso kuti ming'alu yatsopano imakonda kutsata zipsera zakalekale za m'mwala, monga chikuni chimang'ambikira motsata mitsempha yake.

Chimene chimandipweteka n'choti pagulu mapu amenewa amangokambidwa ngati a migodi. Ndi mapu a zivomezinso, ndipo wokonza pomanga sukulu, chipatala kapena damu amayenera kuwatsegula asanakhome chikhomo.

Kodi tsiku lina Shire adzasanduka nyanja yamchere?

Zitha kutero, koma si lonjezo. Red Sea ndi Gulf of Aden zinayamba ngati chigwa chathu, ndipo lero pansi pake pali mizere ya maginito ya mwala watsopano. Ku Afar m'dziko la Ethiopia, mu 2005, nthaka inatseguka mpaka mamita 8 pa mtunda wa makilomita 60 m'masabata ochepa. Pansi pa nyanja ya Malawi, pamene pali pakuya mamita pafupifupi 700, papitirira kale mlingo wa nyanja yamchere ndi mamita oposa 200. Komabe kuno kummwera chigwa chikadali chaching'ono, mwala wake ndi wokhuthala ndi wozizira, ndipo tilibe phiri lophulika. Lapafupi ndi Rungwe ku Tanzania. Akasupe a madzi otentha a ku Liwonde ndi madzi a mvula amene alowa pansi kwambiri, atenthedwa, n'kukwera m'ming'alu. Zigwa zina zotere zimang'ambika pang'ono n'kuleka. Pa liwiro la lero, kuti chigwa chifutukuke kilomita imodzi pafunika zaka zosachepera 500,000.

Ming'alu imene imatseguka m'minda mvula ikagwa yambiri ndi yomweyi?

Kawirikawiri ayi. Imeneyo imabwera madzi akakokolola dothi la pansi, kapena dothi la makande likauma ndi kufufuma. Mukaona wautali, wowongoka, mbali ina itatsika kuposa inzake, makamaka pambuyo pa chivomezi, dziwitsani a ku khonsolo kuti aitane akatswiri.

Tiope zivomezi?

Tizikonzekere. Mamilimita aja sasuntha tsiku ndi tsiku pa mng'alu. Mwala umagwira, umakungika kwa zaka mazana kapena zikwi, kenako n'kumasuka kamodzi. Pa 10 Marichi 1989 chivomezi cha mphamvu yoposa 6 chinagwedeza Salima. Anthu 9 anamwalira ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Kaundula amene akatswiri a ku Malawi ndi a ku Britain anatulutsa mu 2022 ali ndi ming'alu yamoyo yoposa 100 m'dziko muno. Umodzi mwa ikuluikulu uli pakhomo pa Balaka: wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100, umene James Jackson ndi Tom Blenkinsop anaufotokoza mu 1997. Utamasuka wonse nthawi imodzi ungabweretse chivomezi choposa 7. Zotere zimatalikirana zaka zikwi zambiri, ndipo palibe chipangizo chimene chinganene tsiku.

Chimene chimapha anthu ndi khoma. Nyumba ya njerwa zomangira matope, yopanda ring beam, ya ngodya zosalumana bwino, ndiyo imayamba kugwa, ndipo khoma losongoka la kumutu kwa denga ndilo limatsogola. Boma linatulutsa malangizo a kamangidwe kotetezeka pambuyo pa za ku Karonga, koma amisiri ambiri a kumudzi sanawaonepo. Pomanga, ndi bwino kuchepetsa chipinda chimodzi kusiyana n'kusiya ring beam.

Ndingakaone kuti ndi maso anga?

Kwerani galimoto pa Balaka yolowera ku Salima, mudutse Bilila kulunjika Golomoti ndi Mua, maso anu ali kumanzere. Kutali kuli khoma lalitali la mapiri a Ntcheu ndi Dedza. Koma yang'anani pafupi, m'munsi mwa timapiri: muona chitunda chotsetsereka, pena chofika mamita 10 kapena 20, chimene chikupitirira kilomita ndi kilomita ngati mzere umodzi woungidwa ndi khasu lalikulu. Mitsinje yochokera kumapiri ikafika pamenepo imadula tizigwa topapatiza ndi timathithi, chifukwa nthaka ya kum'mawa inatsika mwadzidzidzi madzi asanasalaze. Ndikanakonda mphunzitsi aliyense wa jogalafe wa ku Balaka akanatengerako ana ake kamodzi pachaka, atanyamula kampasi ndi maginito wa m'sipika, mwana mmodzi aime pamwamba pa chitundacho, mnzake pansi, aitanizane.